Nyimbo za magemu a ku Japan: tiziike bwanji mu jazz, rock kapena reggae osaziwononga?

Chikondi_Besi

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Bandi yathu ili ndi kiyibodi, gitala, besi, ng'oma, lipenga ndi alto sax. Tikufuna kukonza nyimbo zinayi kapena zisanu za magemu akale a ku Japan, a pa makina a Nintendo otchedwa Famicom ndi Super Famicom, ina ilowe mu jazz, ina mu rock, ina mu reggae. Tatsitsa ma MIDI, mafayilo a manoti a nyimbozo, pa intaneti n'kugawana manoti, koma zikutikanika. Tikaimba momwe zililimo zikumveka zopanda thupi, ngati kulira kwa foni yakale. Tikathiramo zathu likumangokhala phokoso, chuni osamvekanso. Chinanso, nyimbo zake pakatha masekondi 40 zikubwerera poyambira, ndiye sitikudziwa pothera. A sax nawo akudandaula kuti alibe popumira. Kodi odziwa ntchitoyi amayambira pati? Nanga pali zimbale zomwe tingamvere kuti tione momwe eni ake anachitira?

Gama_2A03

Achimwene, vuto loyamba ndi ma MIDI amenewo. Ambiri analembedwa ndi khutu ndi anthu okonda magemu, ndipo olembawo anathiramo kale makodi (ma chord) ndi ng'oma zawozawo, ena mpaka kuphonya besi. Mukumanga pa maziko a munthu wina osadziwa pomwe anakhotetsa.

Pezani nyimboyo mu fayilo ya NSF ngati ndi ya Famicom, kapena SPC ngati ndi ya Super Famicom. NSF muitsegule ndi NSFPlay, yomwe imalola kuzimitsa matchanelo ena n'kumvera imodzi payokha. Lembani tchanelo iliyonse pa mzere wake mu MuseScore musanayambe n'komwe kuganiza za chamba.

Mukatero muona chomwe chikuzipangitsa kumveka zopanda thupi. Famicom, yomwe inatuluka mu 1983, ili ndi tchipi ya Ricoh 2A03 yokhala ndi matchanelo asanu: awiri a pulse oimba chuni, imodzi ya triangle yoimba besi, imodzi ya noise yomenya ng'oma ndi imodzi ya DPCM ya timawu tojambulidwa. Tchanelo iliyonse imatulutsa noti imodzi basi pa nthawi. Ndiye kuti nyimbo yonse ndi mizere itatu ndi kang'oma, ngati kwaya ya soprano, alto ndi besi yomwe atenala ake sanabwere.

Komanso si mzere uliwonse womwe uli wa munthu. Opeka ambiri ankatenga pulse yachiwiri n'kuipatsa chuni chomwecho cha yoyamba, chochedwerako pang'ono komanso chotsika mawu, kuti zimveke ngati akuimbira m'holo. Prelude ya Final Fantasy ya 1987 ili choncho: d r m s kukwera ma octave anayi n'kutsikanso, inayo ikulondola m'mbuyo. Mukapatsa lipenga mzere woyamba n'kupatsa sax wachiwiri, omvera ayesa mmodzi waledzera. Umenewo mungoufufuta, m'malo mwake muike delay pa gitala kapena kiyibodi. Yambirani pa quaver ya kadontho: gawani 45000 ndi liwiro la nyimbo, ndiye pa 150 mupeza ma millisecond 300.

Triangle ilibe chokwezera kapena kutsitsira mawu, ikalira yalira. N'chifukwa chake besi ya Famicom imamveka mofanana kuyambira poyamba mpaka pothera, ndipo wa besi asamatengere zimenezo. Imaliranso octave imodzi pansi poyerekeza ndi pulse ikapatsidwa nambala yomweyo, choncho mapulogalamu ena osandutsa nyimbo kukhala MIDI amaiika m'mwamba molakwika. Besi ikamawombana ndi dzanja lamanzere la wa kiyibodi, yambani mwayang'ana pamenepo.

Liwiro musalipeze pomenya phazi pansi. Makinawa amawerenga nthawi ndi ma frame, zithunzi zomwe zimasinthana pa TV, pafupifupi 60 pa sekondi, ndipo magemu ambiri amapatsa semiquaver ma frame okwana ndendende. Gawani 900 ndi chiwerengero cha ma frame: 5 akupatsani 180, 6 akupatsani 150, 9 akupatsani 100, lomwe ndi liwiro la nyimbo ya bwalo loyamba la Super Mario Bros. Apa pali kamsampha kwa omwe anakulira pa makina aja otengera Famicom, a makaseti achikasu. Ambiri ankayenda pa 50 pa sekondi kuti agwirizane ndi ma TV a PAL, ndiye nyimbo ya 100 inkatuluka pa 83. Wina m'bandi akamalimbikira kuti mukuthamanga sakunama, khutu lake linakulira pa 83.

Super Famicom ya 1990 njosavutirapo: matchanelo ndi asanu ndi atatu ndipo zoimbira zimadziwika kuti ichi n'chitoliro, ichi ndi besi. Kungoti zonse zinkapanikizidwa mu 64 KB, ndiye ma strings ake ndi kachidutswa kobwerezabwereza kopanda moyo. Tengani manoti, kamvekedweko kasiyeni.

Mayi_Nachisale

Zomwe anena a Gama n'zoona. Ine ndilowe ku makodi, chifukwa phokoso mukunenalo limachokera kumeneko, osati kwa wa ng'oma monga timathamangira kunena.

Wopeka wokhala ndi mizere itatu alibe noti yotaya. Taonani poyambira nyimbo ija ya bwalo loyamba la Super Mario Bros., yomwe Koji Kondo anapeka mu 1985. Chuni chikuti m m m d m, pansi pake pali F#, besi ili pa D. Imeneyo ndi D9 yopanda A, ikukankhira ku G. Wa kiyibodi wosamvetsera amangogwira C poti amuuza kuti nyimbo ili mu C, ndiye G wake amakhulana ndi F# wa sax, aliyense n'kumayang'ana mnzake. Makodi muziwatenga ku besi ndi mzere wapakati pa ma beat amphamvu, osati ku chuni chokha. Mzere wapakatiwo mupatse chida chimodzi chiuimbe wathunthu, usamwazikane m'makodi.

Pothira zanu, wa kiyibodi asiye noti ya pansi kwa wa besi, iye agwire yachitatu ndi yachisanu ndi chiwiri, mwina ndi ina imodzi pamwamba. Manoti atatu akwana. Pansi pa C3 musaike manoti oyandikana ngati C ndi E, amachita matope. Gitala ndi kiyibodi asamenye makodi pamodzi pa beat imodzi: wina akagwira makodi, wina aimbe mzere kapena akhale chete. Ndikudziwa kuti kuuza wa gitala kuti akhale chete ma bar 16 ndi nkhani ina, koma yesani.

Pali mayendedwe a makodi omwe ndiwo fungo la nyimbozi. Ena ndi fa, so, mi, la, kunena kuti F, G, Em, Am, omwe adzaza m'nyimbo za ku Japan moti eni ake anawapatsa dzina loti ōdō. Ena ndi Ab, Bb, C omwe mumamva Mario akatsetsereka pa mtengo wa mbendera, ndipo mu minor amakhala F, G, Am m'nyimbo zambiri za nkhondo. Ulendo woyamba wa chuni musawakhudze. Munthu ayambe wazindikira nyimboyo, ndiye ulendo wachiwiri mulowetse ii–V zanu za jazz, kunena makodi a re ndi so otsatizana. Pamenepo lamulo ndi limodzi: noti yaitali ya chuni ikhale m'kodi yatsopanoyo, kaya ngati 9 kaya 13, bola isakhale semitone imodzi pamwamba pa noti ya m'kodi.

Za pothera. Bar yomaliza ya nyimbo ya gemu nthawi zambiri imaima pa kodi ya so, poti ntchito yake ndi kukubwezerani koyambira. Mathero kulibe, muyenera kupeka nokha. Njira yachidule ndi kubwereza ma bar anayi omaliza katatu n'kugwera pa do, kapena kubwereka Ab, Bb, C uja. Kuzimiririka pang'onopang'ono kumatheka mu situdiyo, pa siteji ayi.

Kutalika kwake werengani masamu musanayambe. Ma bar 32 pa liwiro la 150 ndi masekondi 51. Maulendo asanu ndi mphindi zinayi ndi masekondi 16: woyamba chuni monga chilili, wachiwiri chuni chosamukira ku chida china ndi makodi atsopano, wachitatu ndi wachinayi ma solo, wachisanu chuni ndi bandi yonse. Ngati nyimbo ili ndi ma bar 16 okha, ilumikizeni ndi ina ya m'gemu yomweyo kusiyana n'kuibwereza kakhumi.

Mukafuna sukulu ya ulere, mverani momwe opekawo ankasinthira chuni chawo chomwe. Mu Super Mario World, Kondo anatenga chuni chimodzi n'kuchizunguza: pabwalo, m'phanga, m'madzi momwe chasanduka waltz, m'nyumba ya mizukwa momwe chalowa mu minor. Nobuo Uematsu, wopeka nyimbo za Final Fantasy, anachita zoposa pamenepo ndi nyimbo ya mbalame yotchedwa Chocobo, nyimbo yomwe inayamba mu Final Fantasy II mu 1988: samba mu IV, mambo mu V, techno mu VI, ndipo mu VII ilipo ya waltz, ya gitala ya surf, ndi ina ya jazz ya 5/4. Ziikeni pamzere muzimvere motsatizana, mulembe chomwe sichinasinthe m'zonsezo. Chimenecho ndiye simuyenera kuchigwira.

Yamikani_Sax

Poti a sax adandaula, ndiwalankhulire. Tchipi sipuma. Ma bar anayi pa 150 ndi masekondi asanu ndi limodzi ndi kachidutswa, amenewo munthu amatha ndi mpweya umodzi ngakhale akuimba mokweza. Ma bar asanu ndi atatu mokweza, nyimbo zisanu zotsatizana, milomo ya wa lipenga itha pakati pa pulogalamu. Dulani quaver imodzi ku noti yaitali ya kumapeto kwa chiganizo chilichonse, mulembe popumira papepala. Pomwe palibe noti yaitali, gawani: lipenga ma bar awiri, sax awiri, koma wolandirayo alowe pa noti yomaliza ya mnzake kuti pasaoneke msoko.

Ma semiquaver pa 180 ndi manoti 12 pa sekondi. Amenewo apite ku gitala kapena kiyibodi, oliza malipenga angotola noti yoyamba ya beat iliyonse.

Chuni cha pulse chimakonda kukwera kupitirira C6. Wa lipenga yemwe si katswiri musamupitirize G wa pamwamba pa mizere papepala lake, yemwe ndi F5 pa kiyibodi. Ndiye mutsitsa chuni ndi octave, n'zabwino, koma mukatsitsa chuni chokha mzere wachiwiri umatsala pamwamba pake n'kuba khutu la omvera. Tsitsani yonse iwiri. Alto sax amafika mpaka Db3, malo alipo.

Kiyi musaiope kuisintha. Nyimbo yotchuka ya bwalo loyamba la Dr. Wily mu gemu ya Rockman 2 (Mega Man 2), ya Takashi Tateishi, ili mu C# minor. Lipenga limalembedwa toni imodzi pamwamba, ndiye ligwera mu D# minor ya ma sharp asanu ndi limodzi, ndipo alto agwera mu Bb minor ya ma flat asanu. Itsitseni ku C minor: lipenga D minor, alto A minor, aliyense akuseka. Ngati wa gitala ndiye mwini chuni, D minor imukomera kwambiri, ndipo malipenga apeza E minor ndi B minor, zomwenso n'zosavuta.

Kanthu kena komwe ma MIDI amataya: noti yaitali ya pulse imayamba yowongoka, kunjenjemera kumabwera mochedwa. Tengerani zimenezo. Mukayamba ndi vibrato pomwepo zimamveka ngati nyimbo ya pa maliro.

Chikondi_Besi

Zikomo kwambiri akuluakulu, mayi Nachisale mwatigwira penipeni pa F# uja. Nanga reggae? Tayesa nyimbo ya nkhondo koma ikukana. Wa ng'oma wathu akufunsanso ngati zingatheke kuikako ina mu chamba cha kwathu cha 12/8, chonga manganje.

Wa_Ngoma_Zomba

Ikukana chifukwa mwasankha yolakwika, achimwene. Nyimbo ya nkhondo moyo wake uli mu besi yothamanga ndi makodi osintha kawiri pa bar, pomwe reggae imafuna malo. Sankhani ya m'mudzi, ya m'nyumba yogona alendo kapena ya poyenda pa mapu, yokhala ndi kodi imodzi pa bar.

Ikakhala ya 150, musinthe kamvedwe kokha: chuni chiyende pa liwiro lake, ng'oma zimve 75. Powerenga pa 150 paja, kick ndi rim zigwere pamodzi pa 3, gitala adule pa 2 ndi 4, pa 1 pakhale mbee. Ntchito yaikulu ndi yanu a besi. Triangle imakonda kudumpha ma octave mu ma quaver osalekeza, ndipo mukaitengera zituluka disco yovala chipewa cha Rasta. Sungani noti yomwe triangle yagunda posintha kodi, zinazo mupeke mzere wanu wa ma bar awiri wokhala ndi popuma, nthawi zina osagunda pa 1. Pomwe makodi asintha kawiri pa bar, onani ngati yachiwiriyo ili yongodutsira. Ngati ndi choncho itayeni, besi yokha idutsepo.

12/8 imatheka, koma pali pomwe imaluma. Crotchet iliyonse isanduka crotchet ya kadontho, ma quaver awiri asanduka yaitali ndi yaifupi, mpaka apa palibe vuto. Vuto ndi ma semiquaver anayi, poti malo ndi atatu. Muyenera kutaya imodzi, kawirikawiri yachiwiri kapena yachinayi yomwe si ya m'kodi, apo ayi muwayale pa ma beat awiri. Chuni chodzaza ma semiquaver chimatuluka chopunduka, musalimbane nacho. Njira yosavuta ndi kuyamba ndi nyimbo yomwe ili kale mu zitatu. Ya m'madzi ya Super Mario Bros. ndi waltz ya 3/4: ma bar anayi ake akwana bar imodzi ya 12/8, crotchet iliyonse n'kukhala quaver, osataya noti ngakhale imodzi. Kick pa ma beat anayi akuluakulu, hi-hat pa onse 12, gitala azilukana ndi chuni pamwamba. Chenjerani ndi makodi okha, poti tsopano akusintha pafupipafupi kanayi kuposa kale.

Poti mwatchula jazz: mu nyimbo ya bwalo loyamba ya Mario, tchanelo ya noise imamenya swing pomwe chuni chikuyenda chowongoka. Kukokana kumeneko n'komwe kumaidumphitsa. Mabandi ambiri amaika zonse mu swing n'kumadabwa kuti bwanji yafooka. Wa ng'oma achite swing pa hi-hat, malipenga asamutsatire.

Gama_2A03

Nyimbo ya nkhondo yakana reggae ija musaitaye, ndiyo ya rock yanu. Uematsu ndi wokonda rock ya m'ma 1970, ndipo bandi yake ya The Black Mages, momwe iye ankaliza organ, inatulutsa chimbale choyamba mu 2003 cha nyimbo za nkhondo zokhazokha. Mukamvera muona kuti sanasinthe zambiri: liwiro ndi lomwelo, besi ndi yomweyo, angowonjezera ma solo. Ma pulse awiri oyenda limodzi mu ma third amagwera bwinobwino pa magitala awiri. Inu muli ndi imodzi, ndiye wachiwiri akhale kiyibodi pa mawu a organ. Musagwire manoti onse awiri pa gitala imodzi ya distortion, amamenyana n'kuchita mkokomo. Komanso power chord ilibe noti yachitatu, ndiye pomwe nyimbo yadalira kusintha kuchoka ku minor kupita ku major, monga E major mu A minor, G# uja wina amuimbe, apo ayi kukoka konse kwatha.

Mayi Nachisale, pa lamulo loti ulendo woyamba usakhudzidwe ndikusiyana nanu pang'ono. The Brink of Time ya 1995, chimbale cha acid jazz cha nyimbo za Chrono Trigger za Yasunori Mitsuda, pena chimakusiya ukudikira chuni nthawi ndithu, ndipo n'chimodzi mwa zimbale zomwe zimakumbukikabe.

Mayi_Nachisale

Chimenecho ankagula ndi anthu omwe anatha maola makumimakumi akumva nyimbozo m'gemu, bambo Gama, chuni anali nacho kale m'mutu. A Chikondi akaimbira anthu omwe theka lawo sanagwirepo Super Famicom. Akabisa chuni abisira ndani?

Tadala_OST

Pa zimbale, mwambowu ndi wakale kuposa momwe ambiri amaganizira. Haruomi Hosono wa Yellow Magic Orchestra anatulutsa Video Game Music mu 1984, ya nyimbo za magemu a Namco. Koichi Sugiyama anaimbitsa nyimbo za Dragon Quest ku Suntory Hall ku Tokyo mu 1987. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 makampani anali ndi mabandi awoawo, monga S.S.T. Band ya Sega ndi Zuntata ya Taito, ndipo kwa bandi yonga yanuyi S.S.T. Band ndiyo yoyenera kuyambira, poti ndi fusion ndi rock ya anthu ochepa.

Celtic Moon ya 1991, momwe Máire Breatnach wa ku Ireland anakonza nyimbo za Final Fantasy IV, imaphunzitsa chinthu chomwe mukufunachi: momwe chamba cha dziko lina chimalandirira chuni cha ku Japan osachimeza. Creid ya Mitsuda ya 1998, ya nyimbo za gemu ya Xenogears, inapita patali kuposa apo. Za malipenga mverani The 8-Bit Big Band ya ku New York, yomwe inapata Grammy mu 2022 ndi nyimbo ya mu Kirby Super Star. Iwo ndi ambiri, inu muli ndi malipenga awiri, ndiye mungoberako kagawidwe ka ziganizo, osati kuchuluka kwa mawu. Pa OverClocked ReMix, tsamba lomwe linayamba mu 1999, mungapeze nyimbo imodzi itakonzedwa m'zamba zingapo, zaulere.

Musanaike chilichonse pa YouTube kapena kugulitsa, dziwani mwini wake. Nyimbo zambiri za magemu ndi za kampani yomwe inapanga gemuyo. JASRAC, bungwe la ku Japan lotolera ndalama za oimba, silipereka chilolezo chosintha nyimbo, chimenecho chimachokera kwa mwini. Ena anamasula okha. Nihon Falcom, eni ake a magemu a Ys, analengeza mu 2009 kuti anthu atha kugwiritsa ntchito nyimbo zawo m'makonsati ndi m'mavidiyo bola atchule eni ake, ngakhale pali malire oti muwerenge. ZUN wa Touhou Project amalola okonda magemu ake kukonzanso nyimbo, n'chifukwa chake zimbale zake zimadzaza pa Comiket, msika waukulu wa ku Tokyo wa zinthu zopangidwa ndi okonda magemu ndi makatuni. Bad Apple!! yomwe inatchuka ija ndi nyimbo ya m'gemu ya 1998 yomwe a Alstroemeria Records anaikonzanso mu 2007 n'kuiika mawu. Nintendo ndiye amateteza zake kwambiri, choncho musadule mawu enieni a m'gemu, ngakhale kakulira ka ndalama ka mu Mario kaja, n'kuwaika mu nyimbo yanu. Kaimbeni nokha pa kiyibodi: B kenako E wa pamwamba pake, yoyamba yaifupi, yachiwiri yaitali. Za kuimba pa siteji kuno kumudzi, funsani a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, kapena eni malowo ngati ali ndi chiphaso.

Pa mndandanda wanu ndingaikemo imodzi ya Ys. Yuzo Koshiro ndi Mieko Ishikawa anazipeka mu 1987 zili kale ngati za bandi ya rock, ndipo zomwe Ryo Yonemitsu anakonzera makina a magemu a PC Engine mu 1989 zikuonetsani pomwe gitala alowere ndi pomwe ng'oma idule.